Mpikisano wa ku Matero

Kampani ya boma imene Magdalene ankagwirako ntchito itagulitsidwa, eni ake atsopano anasunga makina, anthu n'kuwauza kuti azipita kwawo. Magdalene anabwerera ku komboni ya George ndi wezulo komanso mpira wamanja wa timu ya kampani, umene palibe anaufunsa. Bambo ake anachokera ku Malawi kalekale kudzafuna ntchito, koma iye kwawo kunali ku George komweko.

Kuseri kwa msika kunali malo otayako zinyalala. Masana ana osapita kusukulu ankangoyendayenda pamenepo, ena akutola mabotolo, ena atatumidwa zigubu za kachasu. Magdalene anabwereka wilibala n'kuyamba kuchotsa zinyalalazo yekha. Ana ankamuseka. Woyamba kumuthandiza anali Victor Chileshe, mnyamata wa ndewu amene ankagona m'maminibasi akapsetsana mtima ndi bambo ake omupeza. Iye sanapemphedwe. Anangolanda wilibala ija m'manja mwake, akuti ba anti akuikankha ngati odwala.

Malowo atayera anakhala bwalo, ndipo bwalolo linabala bungwe la ana lotchedwa Mphukira. Anyamata ankasewera mpira wamiyendo, atsikana wamanja, koma malamulo anali amodzi. Wotukwana ankakhala pansi tsiku lonse. Wojomba kusukulu jezi sankaigwira. Pokonzekera panalibe woyimbira: mpira ukakugunda dzanja unkayenera kunena wekha. Ana ankadandaula kuti malamulo a ba Kochi ndi owawa kuposa a kutchalitchi, komabe ankabwera, mpaka makolo anayamba kuwaperekeza okha.

Victor anakulira pabwalopo. Magdalene anakamupemphera malo kusukulu, ankamusungira chakudya, ndipo atadwala malungo anagona pamphasa m'nyumba mwake mpaka kuchira. Mnyamatayo anasiya kumutchula ba Kochi, anayamba kuti ba Mayo, monga Abemba amatchulira amayi awo. Anakhala kaputeni, kenako wothandiza kuphunzitsa ana. Magolo achitsulo anachita kuwanyamula pamapewa ndi anzake kuchokera kwa wowotcherera zitsulo.

Atamaliza sukulu ntchito sinapezeke. Anayamba kuyenda ndi achinyamata a chipani, gulu la ba Rex, amene masiku amenewo ankagawa mapuloti paliponse pamene pankaoneka poyera. Magdalene sanakondwere nazo, koma Victor ankabwerabe kubwalo osachedwa.

Tsiku lina m'mawa Magdalene anapeza zikhomo zitakhomedwa m'mphepete mwa bwalo. Anazizula, n'kupita nazo kwa Victor.

"Ivi ni vinthu va ba Rex," anatero Magdalene. "Tiye tikaonane nawo, ine na iwe."

"Ba Mayo, imwe musapiteko, azakunyozani chabe. Siyani kwa ine. Pa graundi paja nakulira, palibe azagwirapo."

Patapita masiku anabwera akumwetulira. Anati nkhani ija yatha, ba Rex amva. Anabweretsanso uthenga wina wokoma: ku Matero, komboni ina ya mumzinda momwemo, kuli mpikisano Loweruka, ndipo walembetsa matimu onse awiri. Minibasi wapeza kale kwa mnzake. Anati apite onse, ngakhale ana aang'ono, akaone mmene anzawo amasewerera.

Sabata imeneyo Magdalene anapita kumsika wa Kamwala kukasankha majezi a salaula, zovala zakale zogulitsa pamulu, n'kusokapo manambala pamanja. Loweruka m'mawa ana anadzaza minibasi, ena pamiyendo pa anzawo. Victor anawawerenga, natseka chitseko ali panja.

"Iwe sukwera?" anafunsa Magdalene.

"Linda sali bwino, nifuna nimupeleke kuchipatala. Nizakupezani kwamene uko."

Linda anali mtsikana wake, ndipo anali woyembekezera. Magdalene anamuuza kuti athamange, asadandaule za mpira.

Ku Matero anyamata anatuluka msanga, koma atsikana anafika kumapeto napambana. Kaputeni wawo Taonga, mtsikana wamtali wa zaka khumi ndi zisanu, anamwetsa chigoli chomaliza bondo likutuluka magazi. Victor sanabwere. Pobwerera ana ankayimba njira yonse, chikho chaching'ono atachitulutsa pazenera, ndipo Magdalene anauza dalaivala kuti awatsitsire kubwalo, anthu a kumsika awaone.

Nyimbo inathera pakona pa msika. Bwalo lonse linali litadulidwadulidwa ndi zingwe. Maenje a maziko anali atakumbidwa mizere mizere, milu ya mchenga ndi mabuloko ili pakati pomwe ankayambira mpira. Magolo anali atadulidwa pansi n'kuponyedwa m'ngalande. Sinali ntchito ya anthu awiri kapena atatu ayi.

Mayi wina wogulitsa tomato anayandikira, maso ali pansi.

"Anayamba minibasi yanu itangokhota apo," anatero. "Gulu lonse la ba Rex."

"Nanga Victor? Palibe anamuuza?"

"Ndiye anali kugwira chingwe, ba Kochi. Puloti ya pakona apo ni yake."

Magdalene anakhala pansi pa buloko. Anakumbukira mmene Victor anawerengera ana m'mawa uja, mosamala, kuti pasatsale ngakhale mmodzi.

Ana sanadikire. Taonga anaika chikho pansi, natola buloko n'kuliphwanya pa linzake. Anyamata anayamba kudula zingwe, ena kutola miyala, akufuula kuti akudziwa kumene Victor amakhala. Magdalene anaimirira n'kuliza wezulo. Anaima onse, chifukwa anazolowera.

"Ikani pansi miyala."

"Ba Kochi, watinamiza!" anatero Taonga, misozi ikutsika. "Imwe munati wabodza sakhala mu timu. Manje tingomuyang'ana chabe?"

"Mu timu wachoka. Koma imwe mukaphwanya nyumba ya amai ake, mawa apolisi azatenga ndani? Ba Rex? Ikani pansi."

Miyala inagwa umodziumodzi. Magdalene anaimva ikugwa, mtima ukumuwawa. Victor ankadziwa kuti iye adzawaletsa. Ankamudziwa bwino chomwecho.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi anapita kubwalo osavula zovala zopempherera. Anamupeza Victor papuloti yapakona akusakaniza simenti ndi mmisiri. Victor atamuona anaika fosholo pansi, navula kapusi.

"Linda ali bwanji?" anafunsa Magdalene.

"Ali bwino, ba Mayo."

"Kuchipatala munapita?"

Victor anangopindapinda kapusi m'manja. Mmisiri uja anatenga ndowa n'kuchokapo.

"Ba Mayo, mveleni. Graundi iyi inali yopita kale. Olo nikanakana, sembe anatenga. Ba Rex anati nikachotsapo bana tsiku limodzi, popanda ndeo, azanipatsako puloti. Ninaona kuti bana sazapwetekeka. Ine nili na mwana ali munjira, tigona mu chipinda chimodzi na amai. Nichite bwanji?"

"Ukanabwela kuniuza. Ukanati, ba Mayo nalephela, graundi yapita. Sembe tinalila pamodzi, olo kukaima pamenepo n'kutichotsa na mphamvu. Koma iwe unanisiya nisoke manambala pa majezi. Unanitsekela chitseko cha minibasi ukuseka."

"Munatiphunzitsa vabwino, sinikana. Koma khalidwe silimanga nyumba, ba Mayo."

"Usanitchule choncho."

Anatembenuka n'kumapita. Victor sanamutsatire. Asanafike pamsewu anamva fosholo ikukandanso pansi.

Magdalene anayenda m'maofesi sabata zingapo. Kulikonse ankamuuza kuti abwere tsiku lina, ndipo pamene ankayendamo makoma ankakwera. Chinamupweteka kwambiri n'chakuti ena mwa ogula mapulotiwo anali makolo a ana ake omwe. Amayi a Taonga anali m'gulumo. Ankalipira lendi kwa zaka zambiri, ndipo atakumana pa kiyosiki ya madzi anangoti, "Mutikhululukile, ba Kochi," n'kusenza chigubu chawo. Taonga anatha mwezi osabwera. Atabweranso sanatchule nkhaniyo, ndipo Magdalene sanamufunse.

Tchalitchi china chinawalola kusewera pakabwalo ka kuseri, pamiyala, pamene mpira unkangogwera m'mayadi a anthu. Ana ambiri anasiya, makamaka anyamata akuluakulu. Ena mwa iwo anayamba kuoneka pamsika ndi gulu la ba Rex. Otsalawo Magdalene ankawaphunzitsa monga kale, malamulo osasintha. Koma mnyamata wina atadzipereka kuti azimuthandiza kusunga mipira, anakana. Ankainyamula yekha m'thumba, kupita nayo ndi kubwerera nayo.

Mwana wa Victor anabadwa mvula itayamba. Linda anabwera yekha kunyumba kwa Magdalene, khanda lili kumbuyo, naima pakhomo mwamanyazi. Anati ndi mtsikana, ndipo Victor akufuna amutche Magdalene, ngati mwini dzina alola.

Magdalene analandira khandalo, nalinyamula nthawi yaitali, akuliyang'ana kumaso. Linali ndi mphumi ya bambo ake. Anamuphikira Linda tiyi, namupatsa chitenje chatsopano choberekera.

"Mwana alibe mlandu," anatero pomuperekeza. "Uzibwela naye. Koma dzina mufuneko lina."

Linda anagwedeza mutu movomera, namanga mwana kumbuyo. Magdalene anamusiya pamphambano n'kubwerera kukatenga thumba la mipira, chifukwa mvula inali itakata ndipo ana anali akumudikira kutchalitchi.