Nambala ya Khomo

Shopu ya mipando ya Changu inali ndi miyezi isanu ndi inayi yokha, koma lamulo inali nalo kale, ndipo analibweretsa ndi malume ake. Aliyense wokayeza kwa kasitomala ankalemba manambala pa kachidutswa ka thabwa n'kukakoleka pa msomali wa pafupi ndi zenera, mpaka katundu ataperekedwa. Manambalawo ankayenera kukhala anayi: mulitali, mulifupi, msinkhu, ndi khomo lolowera katunduyo.

Malumewo anali atapala matabwa zaka makumi atatu. Anasiya ntchito yokhazikika ku fakitale kuti athandize mwana wa mlongo wawo kuimika bizinesi, ndipo anabwera ndi randa yawo yakale yopalira matabwa, ya chigwiriro chakuda ndi thukuta, imene sankabwereketsa kwa munthu ngakhale atagwada. Anaiika pa shelefu n'kunena kuti, "Pamene yagona randa iyi, ine ndakhazikika pomwepo." Dzina loti Changu linachokeranso kwa iwo. Anamupatsa ali kamtsikana, chifukwa ankavala nsapato akuthamanga.

Tsiku lokayeza kabati ya zovala ya mayi wina wa pa nyumba yosanja, malume anali kuchipatala kukaonetsa diso. Mayiwo anali kuntchito, kiyi atasiya kwa mlonda. Changu anapita yekha ndi tepi, anayeza khoma la kuchipinda foni ili pakhutu, n'kubwerako ndi manambala atatu.

"Ya khomo ili kuti?" malume anafunsa m'mawa mwake, atayandikiza kachidutswako ku diso labwinolo.

"Khomo ndi lalikulu, malume, ndaliona ndi maso angawa."

"Nanga masitepe?"

"Tikayamba kuyeza masitepe, mawa tiyezanso msewu. Mayiwa akuifuna Lachisanu. Imateni ndi guluu ikhale imodzi, za zigawozigawo zitichedwetsa."

Malume anabweza pensulo kukhutu. "Chabwino, abwana," anatero akuseka, pakuti dzina limeneli linali la nthabwala pakati pawo.

Kabati inatuluka yokongola, zimenezo sitingakane. Koma Lachisanu inakwera masitepe asanu ndi awiri n'kukakamira pokhota. Anaipendeketsa, anaiimika, anaitembenuza, woyendetsa galimoto mpaka anang'amba malaya. Kabati inakaniratu. Anthu a m'nyumbamo anatuluka kudzaonerera, ena makapu ali m'manja, aliyense ndi nzeru zake zosathandiza.

Mwini kabati anaima pamwamba pa masitepe, manja ali m'chiuno, maso ali pa malume.

"Imvi zonsezi, bambo, kuyeza simudziwa? Kapena masowo anatha?" Kenako anatembenukira kwa Changu, mawu atafewa. "Mwana wanga, iwe ndiwe wolimbikira, koma anthu otopa ngati awa akugwetsera bizinesi."

Apa m'pamene Changu anayenera kutsegula pakamwa. Anatseguladi.

"Ndilankhula nawo, mayi," anatero.

Malume anavula chipewa ndi dzanja limodzi, linalo likugwirabe kabati. "Pepani, mayi. Tikakonza."

Atabwerera kushopu, Changu anadikira kuti malume apite kukasamba m'manja, n'kuchotsa kachidutswa kaja pa msomali. Kuponya pa mulu wa utuchi analephera, ndiye anakabisa m'chikwama chake, pansi pa mpango. Anadziuza kuti bizinesi ya miyezi isanu ndi inayi singapirire mbiri yoti mwini wake sadziwa kuyeza. Anadziuzanso kuti malume ndi munthu wamkulu, mtima wawo ndi waukulu, aiwala. Zifukwa anali nazo zambiri mtsikanayu, ndipo ankadziwa yekha kuti zonse ndi zabodza.

Malume anadula kabati ija m'zigawo zitatu, mosamala kuti vanishi asakandike, naboola malo a mabawuti. Koma "abwana" uja tsopano ankatuluka wopanda kuseka. "Abwana, guluu watha." "Abwana, ndaweruka." Chakudya chamasana Changu ankangochiyang'ana. Chikwama sankachisiyanso pa tebulo, ankapita nacho ngakhale kuchimbudzi.

Lachiwiri kunabwera bambo wina wofuna bedi. Anazungulira m'shopumo, akusisita mipando.

"Ntchito yanu ndi yabwino," anatero kwa Changu. "Koma langalo asaligwire madala aja osadziwa kuyeza. Mkazi wanga amagwira ntchito ndi mayi a kabati, tamva zonse."

Malume anali pomwepo, akupala thabwa. Randa inaima. Patapita kanthawi inayambanso, pang'onopang'ono. Bamboyo anatuluka atanena kuti abweranso.

Madzulo ake malume anapukuta randa ija, naikulunga m'nsalu, naiika m'thumba lawo.

"Tikapereka kabati mawa, ine ndipume kaye," anatero. "Ndisakugwetsereni bizinesi, abwana."

Munthu amene anamuberekapo kumsana ali wakhanda ankamulankhula ngati mlendo. Changu anaona kuti dzina limene malume anamanga zaka makumi atatu iye waligwetsa ndi mawu atatu, pofuna kupulumutsa lake la miyezi isanu ndi inayi.

Lachitatu zigawo zinakwera masitepe bwinobwino. Malume anazilumikiza kuchipinda, ndipo zitseko zinatseguka popanda kulira. Mayi aja anawaperekeza mpaka pokhota paja, ali osangalala, aneba akusuzumira.

"Mwaona?" anatero. "Anthu awa ukawakalipira m'pamene amakonza."

Changu anatsegula chikwama, natulutsa kachidutswa kaja.

"Mayi, taonani ichi. Zolembazi ndi zanga. Amene anabwera kudzayeza ndine, mukhoza kuwafunsa a mlonda. Malume anandifunsa za khomo ndi masitepe, ine ndinakana. Kumata ndi guluu ndinalamulanso ndine."

Mayiwo anayang'ana manambala atatu aja, kenako anayang'ana mtsikanayo.

"Ndiye iwe unaima pomwe pano, ine ndikunyoza munthu wamkulu, uli chete?"

"Sindinali chete, mayi. Ndinavomereza."

Mayiwo anatsika masitepe awiri n'kugwira dzanja la malume ndi manja onse. "Bambo, mundikhululukire. Pakamwa panga panathamanga." Kwa Changu anangoti, "Ndinkafunanso tebulo, koma ndikapangitsa kwina."

"Ndamva, mayi. Koma chonde, anzanu a kuntchito aja mukawauze zoona zake."

Pobwerera anakhala kumbuyo kwa galimoto, pakati pa zingwe ndi mabulangete okutira katundu.

"Msomali ndinauona uli wopanda kachidutswa Lachisanu lomwe lija," malume anatero, akuyang'ana msewu.

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikananena ine, iwe ukanatsala bwana wa chiyani?"

Changu analira, osabisa nkhope. "Ndikhululukireni, malume. Ndinakugulitsani."

"Ndamva, Changu."

M'mawa mwake malume anafika nthawi yawo ya masiku onse, pensulo ili kukhutu. Anapeza kachidutswa kaja kali pa msomali, ndipo sanakachotse. Bambo wa bedi sanabwerenso, koma kunali mipando inayi yoti ithe Loweruka, ndiye ntchito inayamba. Mtima wa Changu unayamba kukhala pansi, mpaka pamene anamva kulira kwa randa ndi kuzindikira kuti si kumene anakuzolowera. Malume ankapala ndi randa yatsopano ya shopu, ya chigwiriro cha pulasitiki.

Anayang'ana pa shelefu. Panali fumbi la utuchi ponseponse, kupatula malo amodzi oyera pamene randa yakale inkagona. Kufunsa sanafunse, pakuti yankho ankalidziwa. Anatenga kansalu n'kupukuta shelefu yonse, ndipo m'mawa uliwonse amapukutabe malo amenewo, osalola munthu kuikapo ngakhale msomali.