Mawu a Amayi a ku Mathandala

Samia anapeza mchimwene wake Rajab atanjuta kuseri kwa nyumba, akung'amba makope a bambo awo tsamba limodzilimodzi n'kumaponya pa mbaula. Sanatembenuke atamva mapazi. Anangosonkhezera moto ndi kamtengo, n'kutenga kope lina pamulu.

"Achimwene, mukuotcha chiyani?"

"Zinyalala."

Samia anatola tsamba lina limene mphepo inaliulutsa lisanapse lonse. Zilembo zinali za bambo ake, zopendekera kumanja ngati bango la m'madzi. Kumanzere kwa tsambalo kunali Chipwitikizi, kumanja Chinyanja. Umu ndi mmene bambo akewo, a Muhidini, ankakonzera nkhani zaka makumi awiri zimene anawerenga pa wailesi ya m'dera ku Metangula. Ankati nkhani imene msodzi sangaimve ali m'bwato si nkhani, ndi phokoso chabe.

Anamwalira Lachiwiri. Njinga yawo yamoto inapezeka kunsi kwa phompho pa msewu wokwera ku Maniamba, iwo ali poteropo. Amene anabwera ndi uthenga anati mabuleki. Anawaika Lachitatu monga mwa mwambo wa Chisilamu, Samia adakali pa bwalo la ndege ku Kuala Lumpur, kumene ankaphunzira utolankhani ndi thandizo la bungwe lina la mzikiti. Ndege zitatu ndi chapa, minibasi yochokera ku Lichinga, zinamufikitsa pa tsiku lachisanu chimwalirireni bambo ake, ndipo chimene anachipeza ndi mtumbira wa dothi lofiira ndi anthu osafuna kumuyang'ana m'maso.

Samia anafunsa ngati Rajab waotchanso kachipangizo kojambulira mawu kamene bambo awo ankayenda nako m'thumba la malaya. Rajab anati akanakapeza bwenzi nkhani itatha kale. Anafotokoza kuti pa tsiku la sadaka kunabwera akuluakulu atatu pa galimoto yoyera, atanyamula thumba la mpunga ndi shuga. Mmodzi wa iwo anayankhula pamaso pa anthu, kutamanda malemuwo kuti anali bwenzi la chitukuko. Pochoka anamutengera Rajab pambali, namukumbutsa mwaulemu kuti kachipangizoko ndi katundu wa wailesi, ndipo zingakhale bwino kakabwezedwa pofika Lachisanu. Anafunsanso za ntchito yake ya uphunzitsi, ngati kalata yomukhazikitsa inatuluka, ndi ngati mkazi wake ali pafupi kuchira.

"Ndiye munawalonjeza?"

"Ukanakhala iwe ukanatani? Iwe sabata ya mawa ukwera ndege. Ine nditsala konkuno."

Samia ankadziwa zimene zinali m'kachipangizoko, chifukwa bambo ake anamuuza pa foni komaliza kulankhulana. Chisankho chitatha, gombe lina kufupi ndi Chiwanga linatchingidwa ndi waya. Mathandala amene amayi ankayanikapo usipa anagwetsedwa m'mawa umodzi, ndipo anthu anauzidwa kuti malowo ndi a bwana wina wa ku Lichinga amene dzina lake palibe ankalitchula mokweza. M'mudzimo ankanong'onezana kuti chinali chilango chifukwa cha mmene anavotera. A Muhidini anainenapo nkhaniyi kamodzi kokha pa wailesi. Mawa lake anauzidwa kuti ayambe apuma, mawu awo atopa. Iwo sanapume. Anayenda khomo ndi khomo mpaka anajambula amayi khumi ndi mmodzi, ndipo anati adzamutumizira Samia kuti akaike mawuwo pa nyuzipepala za pa foni.

Maganizo amenewo anawapatsa ndi Samia yemwe. Chaka chake choyamba ku Maleziya anawauza kuti kumeneko chipani chimene chinalamula zaka makumi asanu ndi limodzi chinagwa pa voti. Anawauza kuti pamene wailesi ndi nyuzipepala zikuluzikulu zinkaimba nyimbo ya boma, anthu ankawerenga zoona pa mafoni awo, m'mabasi ndi m'malo omwera tiyi. A Muhidini anaikonda nkhaniyo ngati mwana. Foni iliyonse ankaifunsanso. Anthu akumudzi nawonso ankawerenga? Asodzi akumeneko anavota bwanji? Atolankhaniwo ankagona kunyumba kwawo kapena ankabisala?

Zimene Samia sanawauze n'zakuti boma latsopanolo silinathe zaka ziwiri, linagumuka lokha, nkhope zakale zija n'kubwereranso pa mipando. Sanawauzenso kuti nyuzipepala ina ya pa foni inalipitsidwa chindapusa chachikulu kukhoti chifukwa cha ndemanga za owerenga ake. Ankati adzawauza akadzabwera ku tchuthi. Ankamva chisoni kuwalanda chinthu chokhacho chimene chinkawaseketsa.

Anasiya Rajab ndi moto wake nalowa m'nyumba. Amayi awo, a Duwa, anali kuchipinda pa mkeka, atafunda nsalu yoyera, poti anali atayamba miyezi yobindikira ya mkazi wamasiye. Chifikireni Samia, anali asanalankhule naye zambiri kupatula kumufunsa ngati wadya. Samia anakhala pambali pawo nawauza zimene anafuna kuchita. Anati ali ndi aphunzitsi ndi anzake odziwa kofalitsa nkhani, ku Maputo ngakhale kunja. Anati ngati mawu a amayi aja akhala m'thumba, ndiye kuti bambo anafera chabe.

A Duwa anamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anamufunsa ngati anzakewo adzabwere kudzagona pakhomo pano nkhaniyo ikadzatuluka. Samia anayang'ana kumbali.

"Bambo ako ndinawafunsa zomwezi," anatero a Duwa. "Nawonso sanandiyankhe."

Dzuwa lili pamutu kunamveka odi pakhonde. Anali mayi wamfupi, wovala mpango wakuda, mapazi ali mbuu ndi fumbi la msewu wa Chiwanga. Anati dzina lake ndi Antonieta, ndipo wabwera kudzapepesa maliro. Anamulowetsa kuchipinda kwa a Duwa, nakhala pafupi ndi chitseko. Anapepesa monga mwa mwambo, anamasula pa nsonga ya chitenje kakobiri ka chipepeso nakaika pa mkeka, koma sananyamuke. Rajab anabwera n'kuima pakhomo, manja ali bii ndi phulusa.

Antonieta anayamba ndi kutamanda malemuwo. Anati anali munthu wokhala pansi pa mchenga polankhula ndi amayi, wosafuna mpando. Kenako mawu ake anatsika. Anati iye ndi mmodzi mwa amene anajambulidwa, ndipo anzake khumi aja amutuma. Chimwalirireni a Muhidini, palibe amene akugona tulo. Mwamuna wa mnzawo wina analandidwa ukonde popanda chifukwa. Mwana wa wina anabwezedwa kusukulu kuti mapepala ake sali bwino. Iwo sakufunanso gombe lija. Usipa adzayanika pa miyala, ngakhale padenga.

"Tikupempha mutifufute," anatero akuyang'ana pansi. "Tinalankhula chifukwa cha mkwiyo. Tsopano mkwiyo watha, kwatsala ana."

Samia anayesa kufotokoza kuti mayina akhoza kubisidwa, kuti pali njira zosinthira mawu a munthu kuti asadziwike. Antonieta anapukusa mutu pang'onopang'ono. Anati ku Chiwanga munthu amadziwika ndi kutsokomola kwake komwe. Samia anatchula za dziko limene amaphunzirako, mmene anthu wamba anagwetsera chipani chakale. Mawuwo anatuluka okha, monga ankatulukira pa foni, ndipo iye mwini anawamva kupepuka kwake.

"Ndipo lero kumeneko zili bwanji?" anafunsa Rajab ali pakhomo pomwepo. "Uwauze amayiwa. Baba ankadziwa, Samia. Munthu wowerenga nkhani zaka makumi awiri ukuganiza sanamve kuti akale aja anabwerera? Anandiuza ine. Anati ndisakuuze kuti akudziwa, ungasiye sukulu."

Samia anayang'ana manja ake. Zaka zitatu zonse ankaganiza kuti ndiye akusunga mtima wa bambo ake.

A Duwa anasuntha pang'ono pa mkeka, napisa dzanja pansi pa nsalu yoyera, m'chiuno. Anatulutsa kachipangizo kakuda kotalika ngati chala chapakati, kokutidwa ndi pulasitiki wa shuga. Anati a Muhidini anawasiyira m'mawa wa Lachiwiri lija, asanakwere njinga, ndipo chiyambire tsikulo sikanachoke pathupi pawo. Anakaika pakati pa mkeka. Anati mwini mawu wabwera yekha, ndiye palibe wina woti n'kulamula. Koma asanafufute, Antonieta amve kaye zimene ananena, kuti adziwe chimene akutaya.

Rajab anatseka zenera, nagwada, n'kudina kabatani.

Kunamveka kaphokoso ka mphepo, nkhuku ikutetera chapatali, kenako munthu akukonza kukhosi. Samia anagwira pakamwa. Anali bambo ake.

"Mayi woyamba," anatero mawuwo, modekha ngati pa wailesi. "Ine ndinabadwira pa gombe lomweli. Nkhondo itavuta tinathawira ku Malawi, tinabwerako ndili ndi ana awiri. Thandala langa anandimangira ndi malemu amuna anga. Tsiku limene anabwera ndi waya, usipa unali pomwepo, wodzaza mabigiri anayi oyezera nsomba. Ndinawapempha kuti ndiyambe ndaola. Anati ndikaolere kumene ndinavotera."

Antonieta anadzutsa mutu. "Ameneyo ndi ine," ananong'ona. "Mawuwo ndi anga. Koma pakamwa si panga."

Rajab anadumphitsa kutsogolo. Mayi wachiwiri anali a Muhidini. Wachitatu chimodzimodzi. Anafufuza uku ndi uku m'kachipangizomo, koma sanamve liwu la amayi aja ngakhale limodzi, sanamve dzina la munthu kapena la mudzi. A Duwa anati amuna awo ankati akabwera kojambula, ankakhala kuseri kwa nyumba ndi kope, kumvetsera ndi kulemba liwu ndi liwu. Akatero ankawerenga okha zonsezo, n'kufufuta mawu a mwiniwake tsiku lomwelo. Ankati ngati kachipangizoka kadzagwidwe, apezemo munthu mmodzi yekha.

Samia anazindikira tanthauzo lake asanamalize kumva. Anaphunzira mokwanira kuti adziwe kuti palibe mkonzi wa nkhani, ku Maputo kapena kwina kulikonse, amene angalandire zimenezi. Munthu mmodzi, womwalira, wochotsedwa ntchito, akuwerenga madandaulo a amayi opanda mayina. Adzati anapeka yekha. Umboni umene ukanatsimikiza unali m'makope aja, ndipo makopewo anali phulusa pa mbaula. Amayi amene akanavomera kuti mawuwo ndi awo anali atatumiza kale nthumwi yodzapempha kuti aiwalike. Waya udzakhala pamene uli. Za mabuleki zidzakhala za mabuleki.

Antonieta sanaoneke ngati wapepukidwa. Anati ngakhale zili choncho, nkhani ya mabigiri anayi aliyense amaidziwa kuti ndi yake, ndipo amene anamuyankha za kuvota uja akaimva adzamukumbuka. Anapempha kuti afufutebe. Anapepesa kwa Samia, anapepesanso kwa a Duwa, misozi ikutsikira m'mbali mwa mphuno. Samia anafuna kunena kuti ayambe wakopera mu foni yake, koma atayang'ana mapazi a mayiyo anameza mawu.

"Fufutani, achimwene," anatero.

Rajab anatenga kachipangizoko. Kanali kakulankhulabe m'dzanja lake pamene ankasaka pofufutira. A Muhidini anali pakati pa nkhani ya mayi wina amene ankadandaula kuti tsopano amayenda ulendo wa maola awiri kukayanika nsomba, zikafika zitayamba kale kununkha. Mwadzidzidzi m'kachipangizomo munamveka chitseko chikutseguka, ndi mawu a mkazi akuitana chapatali.

"Bambo a Rajab, tiyi akuzizira."

A Duwa anadzidzimuka atamva mawu awo omwe.

"Ndikubwera, amayi," anayankha a Muhidini, osakweza mawu. "Ndidakali mayi wachisanu ndi chiwiri. Wadikira nthawi yaitali kuti alankhule, sindingamudule pakamwa chifukwa cha tiyi."

Anakonzanso kukhosi, nabwerera pamene analekezera.

Chala cha Rajab chinali chitafika pa kabatani. A Duwa anatambasula mkono kuchokera m'nsalu yoyera, naika dzanja lawo pamwamba pa dzanja la mwana wawo.

"Muleke amalize kaye," anatero.