Nsanda pa Tebulo la Khirisimasi

Musandifunse chifukwa chake sindidyera pa tebulo mpaka lero. Chabwino, ndikuuzani, koma mtima ukayamba kuwira musanditseke pakamwa.

Chinali chaka cha 1956, mvula itangokhazikika, pamene amuna anga a Elifasi anatulukira kumudzi kwathu kufupi ndi Nambuma, sutikesi paphewa, chipewa chopendekeka. Zaka zisanu ndi chimodzi ali ku Sozibele, osalemba ngakhale kakalata. Mwana wathu Florence anamusiya ali kumsana, anamupeza akutunga madzi. Akuti kumeneko ankaperekera zakudya m'hotela ya azungu, ndiye pakamwa panangokhala "ife ku Sozibele, ife ku Sozibele," ngati kuno tinkadyera m'khola.

Atsibweni anga a Januario, alongo awo a amayi, amenenso anali ankhoswe anga, anali atatopa kale nawo. Anandiuza mosapsatira: "Estere, mtchona si mwamuna. Mkamwini wosagwira khasu m'munda mwa apongozi, wosafolera ngakhale nkhokwe, apinde mphasa yake azipita kwawo." Ine ndinagwada n'kulira. Munthu ndamudikira zaka zonsezi, ndakana amuna awiri, ndiye andichotsere lero atabwera? Ndinkawafuna, ndisaname. Atsibweni anati chabwino, adzabwera kudzadya nafe tsiku la Khirisimasi, adzamuone bwino munthuyo, ndipo mawu omaliza adzanenera pomwepo.

A Elifasi atamva anangoseka. "Mayi a Florence, musataye tulo ndi zimenezo. Ndiwayalira tebulo loti sanalionepo chibadwire. Akadzangoliona, mlandu watha."

Tebulo akanalitenga kuti m'mudzi mwathu muja? Anazula chitseko cha nyumba yathu n'kuchisanjika pa mphanda zinayi m'chigafa, mopachika fodya muja, poti nyengo imeneyo munali mopanda kanthu. Ine ndinati, "Kodi tizigona pamtetete?" Iwo anati akazi sitimvetsa zachizungu. Ndinawasiya achite. Chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina.

Tsikulo litafika, tonse tinalawirira ku Misa. A Elifasi okha anatsala, akuti ntchito ya tebulo siifuna munthu woyang'ana kumbali. Pobwerera ndinathamangira kutsogolo kuti ndikatereke mpunga ndi kumaliza nkhuku, ndipo nditangophula mpungawo anandikodola kuti ndikaone.

Ndivomere, poyamba ndinangoti kukamwa yasa. Chitseko chija sichinkaoneka, chinali chitakutidwa ndi nsalu yoyera mbee. M'mbali monse anayalamo nthambi za mkungudza, n'kumwazamo tizidutswa ta thonje, akuti kwa azungu Khirisimasi imadza ndi chisanu choyera chogwa kumwamba. Pakati panali chitini cha jamu chodzaza maluwa ofiira a kudambo, pambali pake mulu wa mango okupsa. Makandulo anayi anawazika m'mabotolo, awiri kumtunda, awiri kumunsi. Mapepala onyezimira a m'mapaketi a ndudu anawadula tinyenyezi. Ndipo pa mbale iliyonse panaima kansalu koyera kopindidwa ngati kachipewa.

"Timeneti n'topukutira pakamwa," anatero akudzikonza kolala. "Munthu wolemekezeka sapukutira kuseri kwa dzanja."

Ndinagwira ngodya ya nsalu ija kuti ndiiwongole. Chala changa chinakhudza timfundo titatu ta ulusi wakuda.

Timfundo timeneto ndinkatidziwa. Anasoka ndi amayi anga. Imeneyo inali nsanda yawo, bafuta amene anagula kwa mmwenye pa Nambuma atagulitsa mtedza wa zaka zingapo, woti tidzawakulungemo akadzamwalira. Denga lawo litayamba kudontha, anabweretsa kwa ine atakulunga bwinobwino mumtanga, ine n'kupachika kudenga. Ndipo chiyambire chilimwe amayi ankatsokomola, thupi likutha tikuona.

"Bambo a Florence! Nsaluyi mwaitenga kuti?"

"Mumtanga uja. Inangokhala, kudikira njenjete."

"Mumtanga mwa ndani? Munafunsa ndani? Iyi ndi nsanda ya amayi, inu! Nsanda!"

Anaphethira kawiri. Kenaka anati, "Nsalu ndi nsalu. Tikatha kudya muichapa."

"Ndichape chiyani? Nanga timeneti mwatitenga kuti?" Ndinatola kachipewa kamodzi n'kukatambasula. M'mphepete mwake munali mwatsopano, ulusi uli wirawira. Anali atadula ndi sizasi mkono wathunthu wa nsanda n'kuugawa zidutswa zisanu ndi chimodzi. Kalanga ine! Ndinafuna kuwaswa ndi botolo la kandulo. Ndinawatukwana chapansipansi, mano ali gwa, ndinati mutu wawo unatsala ku Sozibele, kuno kunabwera chipewa chokha. Munthu wobadwira pa Kabudula pompa, wosambitsidwa ndi azamba achichewa, wosadziwa kuti bafuta wobisidwa mumtanga wa nkhalamba ndi wa chiyani!

"Chotsani msanga," ndinatero.

Koma nthawi inali itatha. Panjira panamveka chifuwa cha amayi, ndi mawu a atsibweni akupereka moni kwa anthu. A Elifasi, m'malo mochotsa, anakhwatcha machesi n'kuyatsa makandulo dzuwa lili paliwombo.

Atsibweni analowa m'chigafa atawerama, naima. Anayang'ana chitseko chogonekedwa, nsalu yoyera, masamba, makandulo kumutu ndi kumiyendo. Anaseka pang'ono.

"Kodi akamwini, wamwalira ndani?"

"Ndi tebulo la Khirisimasi, bambo," anayankha a Elifasi akuwakokera mpando. Atsibweni atakhala, a Elifasi anakhala pawo n'kutsomeka kansalu kamodzi m'kolala, pansi pa chibwano, kuti aonetse kachitidwe kake.

Amayi sakanalowa modyera mkamwini, mukudziwa mwambo wathu. Ndinali nditawayalira mkeka kuseri pamodzi ndi azimayi ena, ndikupemphera kuti akhale komweko. Koma akazi a atsibweni, pakamwa posatseka paja, anayamba kukuwa: "Alamu, bwerani mudzaone zodabwitsa za ku Sozibele!" Amayi anadzuka ndi ndodo yawo, nafika pamphepete pa chigafa, nkhope atatembenuzira kumbali kupewa mkamwini. Potembenuka pomwepo maso awo anagwera pa ngodya ija.

Anawerama pang'onopang'ono. Anagwira timfundo tija, kamodzi, kawiri.

"Alongo anga," anatero kwa atsibweni, mawu ali phee, "mumafunsa kuti wamwalira ndani. Ndine."

Atsibweni anaimirira, mpando n'kugwa chagada. Sindinawaonepo atakwiya chotero.

"Munthu akupuma, mwamuyalira kale nsanda? Mwamuyatsira makandulo? Mukufuna tidyere pamwamba pa maliro a mlongo wanga? Watulutsa nsaluyi ndani?"

Anafunsa akuyang'ana a Elifasi. Aliyense ankadziwa yankho lake likatero: mkamwini wopisa dzanja mumtanga wa apongozi, n'kuwaitanira imfa masanasana, sagona m'mudzi. Akanapita tsiku lomwelo, mpunga usanapole. Ndinawayang'ana amuna angawo. Thukuta linali kamukamu, kansalu kali lende pakhosi. Ndinadikira kuti agwade, apepese, anene kuti uchitsiru wawapweteka. Iwo anangoyang'ana mbale yawo. Zaka zisanu ndi chimodzi zija zinandidutsa m'maso, ndikugona ndekha, ndikulima ndekha, anzanga akundiseka pachitsime.

"Ndine, atsibweni," ndinatero. "Ndinawapatsa ndine."

Akazi a atsibweni anagwira pakamwa. Atsibweni anandiyang'ana nthawi yaitali, osakhulupirira, kenaka anatembenuka.

"Akamwini, n'zoona zimenezi?"

Apa ndiye pamene pamandiwawa mpaka lero, apa. Akanangogwedeza mutu, ndikanapirira. Koma a Elifasi anakhosomola, nakonza kolala, nati:

"N'zoona, bambo. Ine ndinangopempha nsalu yoyera. Za m'mitanga ya akazi ndingazidziwe bwanji? Ndinafunsa kawiri konse ngati ilibe ntchito, iwo anati dulani."

Dulani! Ine ndinati dulani? Fisi wa munthu! Ndamuveka nsalu yanga kuti asayende maliseche, iye n'kundivulanso yamkati. Lilime linafuna kulavula zonse, koma bodza ndinali nditaliyamba ndekha. Ndikanalibweza bwanji pamaso pa anthu?

Atsibweni anapuma mozama. "Ndiye kuti mlendoyu alibe mlandu. Njoka ili m'nyumba mwathu momwe. Ukwati ukhale, poti ndi umene mwana wathuyu wausankha kuposa amake."

Amayi sanalire. Anazimitsa makandulo ndi zala, nasuntha mbale, mango akugubuduka pansi. Anakoka nsanda yawo, nakutumula thonje ndi masamba, naipinda. Kenaka anatola tizidutswa tija pa mbale iliyonse, kamodzikamodzi. Katatsala ka pakhosi pa mkamwini, anaima atafulatira, dzanja atatambasulira kumbuyo, mpaka atsibweni anakazula m'kolalamo n'kuwapatsa.

Podutsa pamene ndinagwada anaima. Sanandiyang'ane.

"Estere, iwe wandiika kale lero. Tsiku langa lenileni likadzafika, usadzavutike kubwera."

Anapita akutsokomola, nsanda kukhwapa, atsibweni ndi azimayi onse pambuyo pawo. M'chigafa tinatsala awiri, ine ndi mwamuna amene ndinamulirira. Anatola limodzi la mango aja pansi, nalipukuta pa malaya, nakhala pampando.

"Mwaona, mayi a Florence? Ndinakuuzani kuti mlandu utha. Kapakuleni, mpunga ukuzizira."