Chitseko cha Shopu ya a Hodgkinson

Dongo silidikira munthu. Mukalipondaponda n'kulipaka pa thabwa, mwatsala ndi masiku owerengeka basi. Likayamba kung'aluka, maluwa sagwiranso. Kerry Twigg ankadziwa zimenezi kuyambira ali mwana. N'chifukwa chake Lachitatu m'mawa, atalowa m'shedi ya kuseri kwa tchalitchi n'kupeza anthu manja ali m'chiuno m'malo mogwira ntchito, mtima unamuwawa.

Chaka chilichonse mu Juni, anthu a m'mudzi wa Thornsley amakongoletsa chitsime chawo chakale ndi chithunzi chachikulu cha maluwa omata pa dongo, ndipo Loweruka abusa amabwera kudzachidalitsa. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, wojambula chithunzicho papepala anali bambo ake a Kerry, a Trevor. Chaka chimenechi anajambula shopu ya a Hodgkinson, imene inatsekedwa Kerry asanabadwe. Anatengera pa chithunzi cha kamera chimene chinapezeka m'bokosi la nsapato: shopu, njinga yotsamira khoma, ndi kamnyamata ka zaka zisanu ndi ziwiri kataima pakhomo, masokosi atagwera m'akakolo. Kamnyamatako kanali a Trevor.

Denga linali litatha, lomatidwa ndi makungwa. Khoma lamiyala analipanga ndi ndere zouma. Thambo analimata okha a Glenys Wibberley, ndi timasamba ta maluwa a buluu, kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba ngati mmene amayalira matailosi padenga, kuti mvula izingotsetsereka. Pakati penipeni ndi pamene panatsala dongo lopanda kanthu: pa chitseko.

"Chinali chofiira," anatero a Glenys, beseni la maluwa ofiira lili kale m'manja.

"Chobiriwira," anayankha a Trevor osadzutsa mutu.

"Chofiira ngati bokosi la makalata. Ine ndinkapita pamenepo tsiku ndi tsiku kukawagulira amayi mkaka."

"Iwe Glenys, unkapita kukaba maswiti. Wakuba amayang'ana mtundu wa chitseko? Amangoyang'ana kothawira."

Anthu anaseka, a Glenys nawonso. Koma chithunzi cha kamera sichikanaweruza mlanduwo, chifukwa chinali cha masiku aja a zakuda ndi zoyera zokhazokha. Chitseko chinangooneka chotuwa.

Anafunsa a Malcolm Frith, mlimi wa nkhosa amene anabweretsa ubweya wopangira utsi wa pachumuni. A Malcolm anakanda m'mutu. "Ine ndikuona ngati chofiira, a Trevor. Pepanitu." Amayi awiri amene ankasankha njere za khofi pakona anavomereza kuti chofiira. Wonena kuti chobiriwira panalibe. Anzawo amene a Trevor anayamba nawo sukulu, ena anali kumanda kuseri kwa khoma lomwelo, ena anatengedwa ndi ana awo kumatauni.

"Musadandaule, a Trevor," anatero a Glenys mofatsa. "Kuiwala n'kwa tonse. Paja mwezi watha uja..." Anadziluma lilime, koma mawu anali atatuluka kale.

Mwezi wathawo a Trevor anaika ketulo m'firiji, n'kutha m'mawa wonse akuifunafuna. Sabata yotsatira anaitana Kerry ndi dzina la malemu mayi ake. Mudzi waung'ono subisa kanthu. Aliyense ankadziwa, ndipo ankadziwanso kuti adokotala anawauza kuti akabwererenso mu Ogasiti.

A Trevor anaika pansi singano imene ankaboolera mizere pa dongo, n'kupukuta manja pang'onopang'ono.

"Chabwino. Chitseko chimenecho ndinachikankha kambirimbiri, ndipo ndikatsinzina ndimachiona chobiriwira. Ngati chinali chofiira, ndiye kuti mutu uwu wathadi. Matani zofiira zanuzo, ndipo chaka chamawa mupeze wina wojambula."

Sananene mokwiya ayi, ndipo n'chimene chinamuopsa Kerry. Chimwalirire mayi ake, chimene chinkadzutsa bambo ake m'mawa chinali pepala lija. Ankaliyamba mu Januwale, chipale chofewa chili mbuu m'mapiri, n'kumafufuta ndi kukonza mpaka Meyi. Akalisiya, atsala ndi mpando wa pawindo basi.

Kerry sankakonda mikangano yopanda pogwira. Ntchito yake inali yoyeretsa nyumba zimene alendo amagonamo akabwera patchuthi, ndipo imodzi mwa nyumbazo inali shopu yakale ya a Hodgkinson. Ataima akugwedeza kangolo ka mwana wake Maisie, anakumbukira kanyumba ka malasha kuseri kwa nyumbayo. Chitseko chake sichinali choyenera kanyumba kosungiramo malasha: cholemera, chokhala ndi kabowo koponyera makalata, ndi timabowo titatu pamwamba, poonetsa kuti panali belu, ngati chitseko chakale cha shopuyo. Lachisanu lililonse ankachikankha ndi phazi pokatenga chokolopera, osachiganizira n'komwe.

Anatola kampeni patebulo mwakachetechete. Ndi bwino apite yekha. Akakapeza zobiriwira, abwera akuthamanga. Akakapeza zofiira zokhazokha, atseka pakamwa mpaka kalekale.

"Ukupita kuti ndi mpeni?" bambo ake anafunsa.

"Kukadula maluwa, Adadi."

"Maluwa ali tho m'mabeseni umu. Iwe bodza silinakukhalepo chibadwire. Nena."

Ananena.

"Ndiye tipitire limodzi," anatero a Trevor akuvala chipewa.

"Nanenso ndili m'mbuyo," anatero a Glenys. "Bambo ndi mwana wake? Mungakapakeko penti yanu inu."

Kuchoka kutchalitchi kukafika ku shopu yakale ndi ulendo wa mphindi zisanu, koma ndi akuluakulu awiriwo unatenga theka la ola. Pa galaja ina yopentedwa bwino a Trevor anaima: apa panali wosula nsapato za mahatchi, ndipo mwana akakhala chete ankaloledwa kupopa mvukuto. A Glenys anaonetsa khoma limene anagwapo atavala diresi yatsopano ya pa Pentekoste, mayi awo n'kuwayendetsa mudzi wonse ndi diresi yong'ambikayo, kumbuyo kwa oimba malipenga, kuti aphunzire. Anakumbutsana za chaka chimene chipale chinakwirira mipanda, buledi n'kuchita kubwera pa thirakitala.

Za m'kati mwa shopumo sanatsutsane chilichonse. Fungo la palafini, tchizi ndi makhoti onyowa. A Hodgkinson akudula tchizi ndi waya, lilime lili kunja. Mabotolo a maswiti oikidwa dala pashelefu yapamwamba kuti ana azingomeza malovu. Ndiye mphaka wa diso limodzi uja, amene ankagona pa thumba la mbatata.

"Bishopu!" onse awiri anatchula dzina lake pamodzi, n'kuseka mpaka a Glenys kugwira mpanda.

Kerry ankakankha kangolo kumbuyo kwawo. Munthu wokumbukira dzina la mphaka angaiwale chitseko? Angathe. Ketulo ija analinso ataigwiritsa ntchito zaka makumi awiri.

Kuseri kwa nyumbayo kunali zii, alendo atapita kukayenda m'mapiri. A Trevor anaika dzanja pa chitseko cha kanyumba ka malasha, chala chikupapasa timabowo ta belu.

"Ndi chomwechi," anatero. "Taonani kumene anachiika."

Kerry anagwada n'kuyamba kupala cha m'munsi, malo aang'ono ngati chikhatho cha Maisie. Penti yoyera inachoka mosavuta. Pansi pake panatuluka ya buluu.

"Buluu?" a Glenys anawerama. "Anapaka ndani zimenezi?"

"Mwina aja anadzatsegula saluni aja," anatero a Trevor, "amene anakuwotcha tsitsi."

"Sanawotche. Inali fashoni."

"Fashoni yonunkha ngati nkhosa yopsa."

Mpeni unapitiriza. Buluu anatha, ndipo panatuluka zofiira, zowala ngati zapakidwa dzulo.

Likanakhala tsiku lina, a Glenys akanavina pomwepo. Koma anangoyang'ana nsapato zawo, kenaka n'kuyamba kukonza chipewa cha Maisie chimene chinali bwinobwino.

"Basi, mwana wanga," anatero a Trevor. "Waona wekha. Tiyeni, dongo likuuma."

Anatembenuka n'kuyamba kulowera kugeti. Koma Kerry anali atapala mauvuni ndi mabafa a anthu zaka khumi, ndipo ankadziwa kuti sunganene kuti wafika pansi usanakhudze chinthu chenichenicho. Mpeni unkalowabe pofewa. Anaugwira ndi manja awiri n'kukanikiza. Kachidutswa kofiira, kokhuthala ngati chikhadabo, kanathothoka n'kugwera pa bondo lake.

Pansi pake panali pobiriwira. Kubiriwira kodera, ngati kwa botolo la mowa. Anapalanso pang'ono pambali kuti atsimikize, ndipo pansi pa zobiriwirazo panali thabwa.

"Adadi! Tabwerani."

A Trevor anabwerera. Anatulutsa magalasi, anagwada movutikira mawondo akulira, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka ananyowetsa chala ndi malovu n'kupukuta pamalopo, mtundu uja n'kuwala.

"Ndi chimenechi," anatero motsitsa mawu. "Chimenechi ndiye changa."

"Mayo ine," a Glenys anadziomba pachifuwa. "Derek! Mwana wa a Hodgkinson uja. Amayi ankanena kuti atabwera kuusilikali anapenta chilichonse chofiira, mpaka wilibala, pofuna kukopa mwana wa abusa."

"Mwana wa abusayo n'kukwatiwa ndi woyendetsa basi," anatero a Trevor, akadali chogwada. "Penti yonseyo kupita pachabe."

"Ndiye palibe ananama," anatero Kerry akupukuta mpeni pa buluku. "Aliyense akunena chitseko chimene ankachikankha ali wamfupi. Koma pa chithunzi chija muli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Adadi. Anti Glenys anali asanabadwe."

"Ndinali m'njira," anatero a Glenys.

"Unali usanaganiziridwe n'komwe. Tandidzutsa, m'malo mongoima pamenepo ngati chiboliboli."

A Glenys anawagwira mkono, Kerry winawo, n'kuwaimiritsa. Kerry anayang'ana pamene anapalapo. Lachisanu adzabwera ndi kachitini ka penti yoyera. Eni nyumba amakhala ku London, ndipo kanyumba ka malasha sanakalowepo n'kamodzi komwe. Kachidutswa kofiira kaja anakatola n'kupatsa a Glenys.

"Kanu aka, Anti."

"Mwana wopanda ulemu iwe," anatero a Glenys, koma anakakulunga m'kampango n'kukaika m'thumba.

Atabwerera kushedi, a Glenys ndi amene analengeza, asanavule n'khoti lomwe. Anatenga sizasi, anapita okha kumpanda wa manda kukadula timasamba tobiriwira modera, ndipo sanalole wina aliyense kumata chitsekocho. Anayambira m'munsi, tsamba pamwamba pa tsamba, magalasi ali pamphuno. Maluwa ofiira aja akanafota m'beseni, ndiye a Trevor anatenga singano yawo n'kuboola mizere yatsopano pakona ya dongo, pamene poyamba panali khoma lokha: bokosi la makalata.

"Limeneli linali lofiira," anatero. "Apa sindikutsutsa."

Anamaliza Lachisanu masana, dongo litangoyamba kuonetsa timing'alu m'mphepete. Loweruka amuna asanu ndi mmodzi ananyamula thabwalo n'kukaliimika kuseri kwa chitsime. Oimba malipenga anatsogola, abusa anadalitsa madzi, ndipo kamvula kanawaza monga mwa chaka chilichonse, madontho akutsetsereka pa thambo la a Glenys osalowa pansi. Alendo ankajambula ndi mafoni. Maisie analoza kamnyamata ka masokosi akugwa n'kufunsa ngati kakulira.

"Sakulira," anatero Kerry. "Akudikira kuti a Hodgkinson atembenuke."

Kerry sanadzinamize. Chitseko si mankhwala. Ketulo ikhoza kulowanso m'firiji, ndipo tsiku la adokotala analilemba kale pa kalendala ndi cholembera chachikulu. Koma atatembenuka kufuna bambo ake kuti akamwe tiyi, anawapeza atatsamira khoma ndi a Malcolm, pepala la nyimbo atalitembenuza, pensulo ikuyenda.

"Lole ya mkaka ija," ankatero a Trevor, "imene inkatenga zigubu pa mlatho. Chaka chamawa imeneyo. Kutsogolo kwake kunali chonchi, mphuno yaitali. Yachikasu."

"Yabuluu," anatero a Glenys, akudutsa ndi mbale ya makeke.

A Trevor sanadzutse n'mutu womwe. "Kerry, mpeni uja ukadali nawo?"

"Uli m'thumba, Adadi. Inu mungopeza kumene lole inafera."