Mayankho Olakwa a Nesrine

Nesrine ankalidziwa yankho, koma anadina lolakwika. Kompyuta inamupatsa funso lina, losavuta kuposa loyamba lija, ndipo mtima wake unakhala m'malo.

Pulogalamu imene ankaphunzirira zamakompyuta pakoleji yawo ku Sousse inkamuyeza munthu ndi mayankho ake. Wokhoza inkamukweza, wolephera inkamubweza m'mbuyo, ndipo masana inkaphatikiza awiriawiri ofanana mphamvu kuti agwire ntchito limodzi. Umu ndi mmene inamupatsira Skander, mnyamata wofatsa amene m'mawa ankakonza mafoni kumsika. Skander zinkamulowa pang'onopang'ono. Nesrine anaona kuti akamakhoza kwambiri makinawo awalekanitsa, choncho anayamba kulakwa dala, osauza munthu.

Tsiku lina aphunzitsi awo, a Mondher, anamuitana. Anamuuza modandaula kuti pulogalamuyo ikusonyeza kuti sanakonzeke, ndipo akapanda kukwera sabata imeneyo salemba mayeso omaliza, abwereza chaka. Anamufunsa ngati kunyumba kuli vuto. Iye anangoti kulibe.

Ataweruka, Skander anamuitanira tiyi pakanyumba kena kuseri kwa koleji. Anayamba ndi zocheza, mpaka tiyi anafika theka. Kenaka anamuuza kuti wakhala akumuona akulemba mzere wolondola n'kuufufuta.

"Iwe, kunama sukutha. Ukamalakwa dala umaluma mlomo ngati ukumwa mankhwala."

Nesrine anayang'ana m'kapu.

"Ndikakwera andipatsa wina," anatero chapansipansi.

"Akupatse. Ukufuna amayi ako adzamve kuti wabwereza chaka chifukwa cha wokonza mafoni? Adzandithamangitsa ndi tsache ndisanagogode n'komwe." Skander anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. "Komanso zimandipweteka. Ndinkati tikuvutika tonse, osadziwa kuti ukundidikira ngati wodwala."

Nesrine anapepesa. Skander sanayankhe za kupepesako, anangonena kuti iye amamwa tiyi pamenepo tsiku lililonse, ndipo makinawo sadziwa.

M'mawa mwake Nesrine anayankha zonse mmene ankazidziwira. Mafunso anayamba kulimba mpaka thukuta linatuluka, ndipo anadabwa kuti akusangalala. Masana kompyuta inamusonyeza dzina la mtsikana wina. Skander anali pakona ndi mnzake watsopano, atakwinya nkhope, akulimbana ndi funso lake, ndipo sanadzutse mutu ngakhale kamodzi.

Potuluka, anzake anamukuwira kuti basi ikunyamuka. Nesrine anawabayibitsa, n'kukhotera kuseri kwa koleji.