Nkhope ya ba Gilson

Ba Gilson atamwalira, ntchito yathu inaima nawo.

Ine ndine Perpetua, wa makompyuta pa kampani ina ya mashopu kuno ku Lusaka. Tili ndi sisitimu imene imatumiza yokha mapulogalamu atsopano ku matilu onse, makina olipirirapo m'mashopu, kuyambira m'tauni mpaka ku Chelstone. Amene anaimanga ndi ba Gilson, mkulu wanga pantchitoyi, chigamba pamwamba pa chigamba. Koma isanatumize kanthu imafuna munthu avomereze pa foni, ndipo foni yake inali imodzi basi, ya ba Gilson. Ndinalankhula mpaka kukhosi kuuma kuti tiwonjezere munthu wachiwiri. Bwana wathu, ba Mulubwa, ankangoti, "Tizaona."

Sabata ya maliroyo matilu anayamba kusokoneza mitengo. Ndinakonza vutolo, ndinayesa, zonse zili bwino. Koma zokonzazo zinangokhala pamzere kudikira munthu wakufa.

Ba Mulubwa, opanda ndi manyazi omwe, anapita kunyumba ya maliro ku Kabwata kukapempha foniyo kwa mayi wamasiye. Anabwera nayo n'kuiika patebulo panga.

"Itseguka na nkhope ya mwini wake," anatero. "Mailo poona mtembo, iwe upite pafupi na bokosi. Ka sekondi chabe."

"Ba bwana, mwati chani?"

"Wamvela. Kapena nchito yakulemesa?"

Munthu amene anandiphunzitsa ntchito, amene ankandigawira vitumbuwa vyake, ine ndikamuunike kumaso ngati paketi ya shuga pa tilu? Ndinakankha foniyo, ba Mulubwa n'kuitola. "Nichotseni nchito ngati mufuna. Ine ayi."

Tsiku lotsatira kutchalitchi tinafola kukaona nkhope. Kwaya ikuimba, mayi wamasiye atagwiriziridwa uku ndi uku. Ba Mulubwa anali patsogolo panga, suti yakuda bii, kampango m'manja. Atafika pabokosi anawerama, nakhalitsa, mapewa akugwedezeka. Mayi wina pambali panga anandinong'oneza, "Abwana amutima aba, onani mwamene alilila."

Ndisanafike n'komwe pabokosi, foni yanga inanjenjemera m'chikwama. Ndinasuzumira. Unali uthenga wa sisitimu: zatumizidwa ku mashopu onse, wavomereza ndi Gilson.