Chingwe cha Kukhola

Kwathu kuno ku North Dakota, masamba akangoyoyoka amuna anga a Arvid amatulutsa chingwe chachikasu n'kuchimanga kuchokera pakhomo la kukhitchini mpaka pachitseko cha khola la ng'ombe. Bambo awo ankatero, agogo awonso ankatero. Mbali ya kunyumba amapachikapo kabelu. Akapita kukhola kuli chimphepo cha chipale chofewa, amayenda atagwira chingwecho, ndipo akafika amachigwedeza kuti kabelu kalire. Ine ndikamva, mtima umakhala pansi.

Mwana wathu Greta anabwera kudzationa mu Febuluwale pamodzi ndi mwamuna wake Colby. Mkamwini wanga ndi munthu wabwino, sindinganame, koma anakulira kugombe ku Oregon, kumene nyengo yozizira ndi mvula yowaza basi. Kumeneko munthu akavala jekete n'kutenga ambulera, ndiye kuti wathana nacho chisanu. Ataona chingwe chija anaseka mpaka misozi.

"Amayi, khola lili apa pomwepa, ndikhoza kuligenda ndi mwala. Munthu wamkulu angasochere pabwalo pake?"

"Ukafunse a Halvorsen, amene tinkayandikana nawo," anatero a Arvid akupemerera khofi. "Anawapeza chipale chitasungunuka, kuseri kwa nkhokwe yawo yomwe."

"Bambo inu, mumakonda kuopseza alendo," anatero Greta.

"Ndani akuopseza? Ndinanyamula nawo bokosi ine."

Tsiku lawo lobwerera, wailesi inalengeza kuti chimphepo chifika masana. Kunja kunali zii, kopanda ngakhale mbalame, ndipo kumpoto kunali mzere wotuwa umene sindinaukonde. Tinayamba kuthamangathamanga. Ine ndinkakulunga buledi ndi nyama za pa ulendo, a Arvid anali kuchipinda chapansi kukonza ng'anjo yotenthetsera nyumba. Galimoto ya ana inali itagona m'shedi ya pafupi ndi khola, ndipo kuti ituluke inayenera kudutsa pamene panali chingwe. Nthawi zonse a Arvid ndi amene amachimasula n'kuchibwezera okha. Tsiku limenelo Colby anati asavutitse apongozi.

"Ndamasula, ndadutsa, ndamangiriranso," anandiuza pakhomo akundikumbatira. "Musadandaule, Amayi."

"Wamangadi?"

"Ndithu. Mwana wanu ndinamumanga, nanga chingwe chingandikanike?"

Ndinaseka, iwo ananyamuka. Pasanapite nthawi mphepo inayamba kulira m'mawaya, kenako khola linazimiririka, shedi inazimiririka, ndipo pawindo panangotsala kuyera kokhakokha ngati munthu wayanikapo nsalu. Dzuwa linali lisanapendeke n'komwe.

A Arvid anayamba kuvala nsapato zawo zazikulu. Tinali ndi ng'ombe yaikazi imene inali pafupi kubereka ulendo wake woyamba, ndipo kuyambira m'mawa inkangoyendayenda m'khola.

"Inu bambo, isiyeni. Ng'ombe zinayamba kubereka inu musanabadwe."

"Kamwana kakabadwa konyowa mu chisanu chino, kafika mawa?"

"Nanga inu mufika mawa?"

"Mayi iwe, pakamwa pako mpoipa," anatero akuseka. "Chingwe chilipo. Tchera khutu ku belu."

Anatsegula chitseko, chipale chinalowa mpaka pansi pa tebulo. Ndinaona magolovesi awo akugwira chingwe, kenako msana wawo, kenako palibe. Ndinakankha chitseko ndi phewa mpaka chinatseka.

Ndinakhala pampando wa pafupi ndi khomo. Kabelu kankanjenjemera pang'onopang'ono, monga kamachitira munthu akamayenda atagwira chingwe. Kenako kanasiya. Ndinadikira kugwedeza kwawo kuja, kwamphamvu, kumene ndimakudziwa ngati kutsokomola kwawo. Sikunabwere. Ndinadziuza kuti mwina apeza ng'ombe ili pavuto, ayiwala. Koma a Arvid amayiwala tsiku la ukwati wathu, amayiwala mankhwala awo, belu sayiwala.

Foni inalira. Anali Greta, kundiuza kuti apolisi atseka msewu koma iwo afika bwino m'tauni, apeza chipinda chogona.

"Mpatse mwamuna wako foni," ndinatero.

"Amayi! Kuno kwavuta, simungakhulupirire. Munkanena zoona!"

"Colby, chingwe chija unamanga pati?"

"Aa, pamphete yachitsulo ya pachitseko cha khola paja panali pataundana madzi, chingwe sichimalowa. Ndiye ndinangomanga pageti la pambali. N'pafupi pomwepo, Amayi, kusiyana kwake n'kochepa."

Geti limenelo si la khola. Ndi lotulukira kudambo kumene timadyetsa ng'ombe nthawi yotentha, ndipo kuseri kwake kulibe mtengo, kulibe nyumba, mpaka ku Canada. Chotsekera chake chinathyoka kalekale, mphepo ikakula limangotseguka lokha.

"Unamanga mfundo yanji?"

"Ya nsapato, kuti bambo asavutike pomasula. Amayi? Muli pompo?"

Ndinaika foni patebulo osaidula. Sindinamukalipire. Ndinatsegula chitseko, ndinagwira chingwe n'kukoka. Chinabwera. Ndinakokanso, chinabweranso, chopepuka ngati ulusi, mpaka chonse chinaunjikana pamapazi panga. Nsonga yake inali itauma yopindika, mmene inazungulirira mtengo wa geti.

Ndinavala chikhoti cha a Arvid chakale, ndinadzimanga nsongayo m'chiuno ndi mfundo imene anandiphunzitsa okha, ndinachotsa kabelu n'kukagwira m'manja. Panja sindinkaona ngakhale mawondo anga. Ndinkaliza belu ndi kuitana dzina lawo, koma mphepo inkandilanda mawu pamlomo pomwe. Chingwe chitakungika ndinadziwa kuti apa ndiye polekezera, ndipo ndinayamba kuyenda cham'mbali, mkono uli kutsogolo, mpaka ndinagunda matabwa a khola.

Ndinapapasa khomalo ndikupemphera. Mwina anazindikira msanga, mwina anakhota, mwina ali m'katimo akupukuta kamwana ka ng'ombe ndi chiguduli n'kumatukwana mkamwini wawo. M'kati ng'ombe inkalira kulira kwa zowawa. Dzanja langa linapeza chitseko, kenako mpiringidzo wake, umene umatsekedwa ndi munthu amene ali kunja.

Unali wotseka, chipale chitaundana pamwamba pake.